Mwana akamafa ndi matenda ochiritsika, mawu omaliza asakhale a kholo

Pali mkangano umene suzilala. Umabuka nthawi iliyonse pamene zamveka kuti mwana wamwalira chifukwa makolo ake anakana chithandizo cha kuchipatala, kapena kuti makolo amangidwa chifukwa chotulutsa mwana wawo m'chipatala madokotala asanalole. Ena amati mwana ndi wa amene anamubereka, choncho boma lisalowerere nkhani za m'banja. Ena amati boma ndilo mtetezi wa mwana aliyense, choncho dokotala akalankhula kholo lingomvera. Maganizo anga ndi awa: makolo ndiwo ayenera kusankha chithandizo cha ana awo pa nkhani pafupifupi zonse, koma pamene kukana kwawo kukutanthauza kuti mwana afa kapena alumala ndi matenda amene mankhwala ake alipo ndipo n'ngodalirika, mawu omaliza akhale a khoti. Pamenepo boma lili ndi udindo wolowerera ngakhale makolo atalira, atakwiya, kapena atanena kuti chikhulupiriro chawo chaponderezedwa. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera, ndipo amene amatsutsa ali ndi mfundo zoyenera kuyankhidwa mwaulemu, makamaka zokhudza zoipa zimene maboma anachitira ana m'mbuyomu.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene makolo ayenera kukhala oyamba kusankha. Dokotala amaona mwana kwa mphindi zochepa, pamene mayi ndi bambo amakhala naye usana ndi usiku. Iwo ndiwo amadziwa kuti kulira uku n'kwa njala ndipo uku n'kwa ululu, ndiponso ndiwo adzasenza zotsatira za chilichonse chimene chasankhidwa, kaya ndi kudikirira pambali pa bedi kwa miyezi, kaya ndi kulera mwana wolumala kwa moyo wonse. Kuwonjezera apo, chithandizo chambiri cha ana chimadutsa m'manja mwa kholo. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa kwa miyezi ingapo osadumphitsa, ma ARV amamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe boma limene lingaike namwino m'nyumba iliyonse kuti aziona ngati mwana wameza. Komanso pa matenda ambiri palibe yankho limodzi lokha lolondola. Kuchita opaleshoni tsopano kapena kudikira mwana akuleko, kusankha mankhwala amphamvu opweteka kapena ofatsa ochedwa kugwira ntchito, kupita kwa dokotala wina kuti akaonenso, zonsezi ndi nkhani zimene mabanja awiri anzeru angasankhe mosiyana popanda wolakwa. Pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 Novembala 1989, limanena mu ndime 18 kuti makolo ndiwo ali ndi udindo woyamba pa kulera ndi kukulitsa mwana, ndipo ndime 5 imalamula maboma kulemekeza udindo umenewu. Choncho amene amati dokotala azingolamula sakugwirizana ndi nzeru kapena malamulo.

Komabe tiyenera kufunsa kuti mphamvu ya kholo ndi yamtundu wanji. Munthu amene wasungitsidwa chuma cha mwana wamasiye amaloledwa kusankha mmene angachiyendetsere, koma saloledwa kuchiwononga, chifukwa mwini wake ndi mwanayo ndipo tsiku lina adzachifuna. Umu ndi mmene ziliri ndi moyo wa mwana. Kholo ndi msungi wa moyowo kufikira mwini wake atakula n'kuyamba kudzisankhira, ndipo msungi sangagwiritse ntchito mphamvu yakeyo kuthetsa chinthu chimene anapatsidwa kuti asunge. Taganizirani za matenda a shuga amene amagwira ana, amene thupi limaleka kupanga insulini. Chisanafike chaka cha 1921, pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza mankhwala a insulini ku Toronto, mwana wodwala matendawa ankangodikira imfa. Lero mwana wotero akamabayidwa jakisoni wake amakula, amaphunzira, amadzabereka ana ake. Koma mu 2008, m'chigawo cha Wisconsin ku America, mtsikana wa zaka 11 anamwalira ndi matenda omwewa ali gone pakhomo, makolo ake akumupempherera osapita naye kuchipatala, ndipo khoti linawapeza olakwa chaka chotsatira. Mu 1998, Seth Asser ndi Rita Swan anasindikiza kafukufuku m'magazini ya zachipatala yotchedwa Pediatrics wokhudza ana 172 a ku America amene anamwalira pakati pa 1975 ndi 1995 makolo awo atakana chipatala pa zifukwa za chipembedzo. Anapeza kuti 140 mwa anawo anafa ndi matenda amene, mwana akathandizidwa kuchipatala, mwayi wake wochira umaposa 90 pa 100. Ana amenewa ndiwo ndikuwaganizira polemba ndemanga ino.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya ufulu wa chipembedzo, ndipo ndi yofunika kuimva bwino. Kholo la Mboni za Yehova limene likukana kuti mwana wake aikidwe magazi silikuchita zimenezi chifukwa chosasamala. Limakhulupirira kuti Malemba amaletsa magazi, ndipo kawirikawiri limafunafuna mwakhama chithandizo china chilichonse chosafuna magazi. Nalonso kholo la mpingo umene umaphunzitsa kuti pemphero lokha ndilo limachiritsa limaona kuti kupita kuchipatala n'kukayikira Mulungu. Kwa anthu amenewa moyo wosatha ndi waukulu kuposa moyo uno, ndipo amafunsa kuti boma ndi ndani kuti liwauze chimene chili chachikulu. Yankho langa n'lakuti boma silikuweruza chiphunzitso chawo, ndipo munthu wamkulu wamutu wake ali ndi ufulu wonse wokana magazi, opaleshoni kapena mankhwala ngakhale atadziwa kuti afa. Vuto n'lakuti khanda la miyezi isanu ndi umodzi silinasankhe chipembedzo chilichonse. Mwina likadzakula lidzatsatira chikhulupiriro cha makolo ake ndi mtima wonse, mwina lidzachisiya, koma kuti lidzasankhe liyenera kukhala ndi moyo. Khoti lalikulu la ku America linanena mfundo imeneyi mu 1944 pa mlandu wa Prince v. Massachusetts, umene unkakhudza mwana wogawa mabuku achipembedzo mumsewu. Woweruza Wiley Rutledge analemba kuti makolo angakhale ndi ufulu wofera chikhulupiriro chawo iwo eni, koma zimenezo sizikuwapatsa ufulu wochititsa ana awo kufera chikhulupirirocho asanafike msinkhu wodzisankhira. Dziko la South Africa linaika mfundo yomweyi m'lamulo lake la ana la 2005, limene ndime yake 129 imati kholo silingakane chithandizo cha mwana pa chifukwa cha chipembedzo kapena chikhulupiriro chokha, pokhapokha litasonyeza kuti pali njira ina yovomerezeka ndi achipatala. Ndimakonda lamulo limeneli chifukwa limasiyira kholo mpata. Ngati pali njira ina yochiritsira imene sikhumudwitsa chikumbumtima chake, njira imeneyo itsatidwe. Ngati palibe, mwana athandizidwe.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti palibe boma limene limakonda mwana kuposa mayi wake, ndipo woweruza amene sadziwa n'komwe dzina la mwanayo sangaposa kholo pa kumufunira zabwino. Zimenezi ndi zoona, ndipo sindingazitsutse. Koma chikondi sichiuza munthu kuchuluka kwa shuga m'magazi kapena mtundu wa chotupa chimene chili m'mutu. Kholo lokonda mwana wake lingathe kunamizidwa, ndipo kawirikawiri chikondi chomwecho ndicho chimachititsa kuti linamizidwe mosavuta, chifukwa mantha pa mwana amatsegula makutu ku mphekesera iliyonse. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, anasindikiza nkhani m'magazini ya The Lancet imene inachititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa chikuku amasokoneza ubongo wa ana. Ofufuza ena atayesa mobwerezabwereza sanapeze umboni wa zimenezo, ndipo mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, iyenso anachotsedwa m'kaundula wa madokotala. Koma pa zaka zonsezo makolo ambiri anali atabisa kale ana awo ku katemera, ndipo anachita zimenezo pofuna kuwateteza. Kotero khoti likalowerera silikunena kuti kholo silikonda mwana. Likunena kuti pa funso limodzi ili, loti kodi mwanayu akhala ndi moyo popanda chithandizochi, umboni ukutsutsana ndi chimene kholo likukhulupirira, ndipo wolipira mtengo wa kulakwitsako ndi mwana amene sangadzilankhulire.

Mfundo yachitatu ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndimaima nayo nthawi yaitali ndisanayankhe. Otsutsa amati mbiri ya maboma pa matupi a ana ndi yochititsa manyazi, choncho kupatsa boma mphamvu yoposa kholo n'kutsegula khomo limene silitsekeka. Umboni ali nawo. Kuyambira mu 1939 boma la Nazi ku Germany linkapha ana olumala m'zipatala, madokotala ndi anamwino akugwira ntchitoyo. Ku America khoti lalikulu linavomereza mu 1927, pa mlandu wa Buck v. Bell, kuti boma lingathe kutseketsa anthu kubereka mowakakamiza ngati lawaona kuti ndi ofooka nzeru. Pa sukulu ya boma ya Willowbrook ku New York, ana olumala m'maganizo ankapatsidwa dala kachilombo ka matenda a chiwindi pofuna kufufuza matendawo. Ku Australia boma linalanda ana a eni dziko kwa makolo awo kwa zaka makumi ambiri ponena kuti likuwachitira zabwino, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo mu 2008. M'nkhani zonsezi akuluakulu ankanena kuti akudziwa bwino kuposa makolo, ndipo ovutika anali osauka, olumala ndi mitundu yonyozedwa. Munthu amene amadziwa mbiri imeneyi n'kumaopa boma ali ndi chifukwa chomveka.

Komabe, tikaona bwino zoipa zimenezi tipeza kuti zonse zinachitika pamene boma linkagwiritsa ntchito mwana pokwaniritsa zolinga zake, kaya kuyeretsa mtundu, kaya kufufuza matenda, kaya kufafaniza chikhalidwe cha anthu ena. Palibe ngakhale imodzi imene inali yopulumutsa mwana amene akufa ndi matenda ochiritsika. Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa n'chakuti mphamvu yolowerera iyenera kumangidwa ndi zingwe zolimba, ndipo n'chifukwa chake ndikunena khoti m'malo monena nduna, apolisi kapena mkulu wa chipatala. M'khoti makolo amamvedwa, amaloledwa kubweretsa dokotala wawo, chigamulo chimalembedwa ndi zifukwa zake, ndipo angathe kuchita apilo. Woweruza asanalamule ayenera kukhutira ndi zinthu zingapo pamodzi: kuti choopsacho ndi chachikulu monga imfa kapena kulumala kosatha, kuti chili pafupi, kuti chithandizocho n'choyesedwa ndipo mwayi wake wopambana ndi waukulu, kuti ululu wake sukuposa phindu lake, ndiponso kuti njira zonse zokambirana zalephera. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, kholo lipambane. Pamene nthawi palibe, monga mwana akutaya magazi pambuyo pa ngozi ya pamsewu, dokotala apulumutse moyo kaye n'kukafotokoza pambuyo pake, chifukwa woweruza sangadzutse mwana amene wafa podikira chigamulo.

Kuti malire amenewa ndi ofunika kunaoneka ku Britain mu 2014. Makolo a mnyamata wa zaka zisanu amene anali ndi chotupa cha khansa mu ubongo anamutulutsa m'chipatala cha ku Southampton n'kupita naye ku Spain, chifukwa ankafuna mtundu wina wa chithandizo chowotcha chotupa umene ankakhulupirira kuti suwononga kwambiri ubongo. Apolisi anawasaka m'mayiko a ku Ulaya, anawagwira n'kuwatsekera, mwana wodwalayo n'kutsala m'chipatala cha dziko lachilendo popanda mayi ndi bambo ake. Patapita masiku ochepa anamasulidwa, ndipo khoti linalola kuti mwanayo akalandire chithandizo chimene ankafunacho ku Prague. Apa boma linalakwa, ndipo linalakwa chifukwa linasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Makolowa sankakana kuti mwana wawo achiritsidwe. Ankasankha pakati pa njira ziwiri zimene zonse madokotala amazigwiritsa ntchito, ndipo kusankha koteroko n'kwa kholo. Mfundo imene ndikuiteteza sikanalola kuti amangidwe.

Pano ndiyenera kutembenukira kwa anthu a mbali inayo, amene angati ndapatsa makolo mphamvu yochuluka. Iwo amati pangano la 1989 limanena mu ndime 3 kuti pa chilichonse chokhudza mwana chofunika kuganiziridwa ndi chimene chingamukomere koposa, choncho khoti lizilowerera paliponse pamene kholo lasankha chinthu chosafika pa chabwino koposacho. Mawuwa amamveka bwino, koma atati atsatidwe monga alili palibe banja limene lingapulumuke. Kholo lililonse tsiku lililonse limasankha zinthu zimene si zabwino koposa kwa mwana mmodzi, chifukwa lili ndi ana ena, ndalama zochepa ndi ntchito yoti ligwire. Komanso mawu akuti chabwino koposa amabisa maganizo a munthu amene akuweruzayo pa funso loti moyo wabwino ndi wotani, funso limene dokotala alibe ukatswiri woposa wa wina aliyense. Dokotala wa ana wa ku America, Douglas Diekema, analemba mu 2004 kuti funso loyenera kufunsa ndi lakuti kodi chosankha cha kholo chikuika mwana pa ngozi yaikulu, ndipo ndikugwirizana naye. Nkhani ya mu 2017 ya khanda la ku London limene linali ndi matenda osowa a chibadwa m'chipatala cha Great Ormond Street imasonyeza kuvuta kwake. Makolo ankafuna kupita nalo ku America kukayesa mankhwala amene anali asanayesedwepo pa matenda ake enieniwo, ndipo anthu anawasonkhera ndalama zoposa mapaundi miliyoni imodzi. Madokotala ankati ubongo wake wawonongeka kale ndipo kupitiriza kungangotalikitsa kuvutika kwake. Makhoti onse a ku Britain ndi khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya anagwirizana ndi madokotala, ndipo mwanayo anamwalira mu Julayi chaka chomwecho asanakwanitse chaka chimodzi. Sindikayika kuti oweruzawo anachita ndi mtima woona. Koma pamene makolo akupempha kuyesa, ndipo mwana afa ndithu ngati sayesa, ndikuona kuti boma liyenera kusonyeza momveka kuti kuyesako kumuzunza lisanatseke njira, chifukwa mphamvu yake yolowerera inapangidwira kupulumutsa moyo umene ungapulumuke.

Nkhani ya katemera ndi yosiyanako, ndipo anthu amalakwitsa akamaiphatikiza ndi ya kuika magazi. Mwana wosabayidwa katemera sakufa lero, choncho pa muyeso umene ndapereka khoti silingatume apolisi kukamugwira. Koma katemera ali ndi mbali ina imene kuika magazi kulibe, yakuti kukana kwa kholo limodzi kumafika pa ana a anthu ena. Chikuku chimafala kwambiri moti wodwala mmodzi angapatsire anthu 12 mpaka 18 amene alibe chitetezo, ndipo kuti chisafale pamafunika kuti anthu pafupifupi 95 pa 100 akhale otetezedwa. Makanda amene sanafike msinkhu wobayidwa ndi ana odwala khansa amene sangabayidwe amadalira kuti ana owazungulira ndi obayidwa. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ku Samoa, dziko la anthu pafupifupi 200,000, makanda awiri anamwalira mu 2018 anamwino atasakaniza katemera ndi mankhwala olakwika. Makolo anachita mantha, ndipo ndani angawadzudzule? Chiwerengero cha ana obayidwa chinatsika kwambiri, ndipo chakumapeto kwa 2019 chikuku chinapha anthu 83, ambiri mwa iwo ana osafika zaka zisanu. Boma linalamula kuti aliyense abayidwe, linatseka maofesi ake kwa masiku awiri, ndipo mabanja osabayidwa ankapachika nsalu yofiira pakhomo kuti achipatala awapeze. Pa mliri ngati umenewu kukakamiza n'koyenera, chifukwa ngozi yafika pakhomo pa aliyense.

Pa nthawi imene kulibe mliri, boma lanzeru limayamba ndi kufunsa chifukwa chimene makolo akukanira. Mu 2003 madera ena a kumpoto kwa Nigeria, makamaka Kano, anaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mphekesera yakuti amaletsa kubereka. Mphekeserayo inali yabodza, koma inamera pa nthaka yachonde, chifukwa mu 1996 kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan pa ana a mu mzinda womwewo pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, ana ena anamwalira, ndipo mabanja ankati sanauzidwe bwino kuti kunali kuyesa mankhwala. Poliyo anafalikira ku mayiko ena ambiri amene anali atamugonjetsa kale. Chimene chinathetsa vutolo mu 2004 chinali kukambirana ndi atsogoleri achipembedzo, kuyesa katemerayo poyera, ndi kugula wina wopangidwa ku Indonesia, dziko limene anthuwo ankalikhulupirira. Asilikali sakanatha kuchita zimenezo, pakuti fupa lokakamiza limaswa mphika. Choncho pa katemera boma lingathe kufuna khadi la katemera polemba mwana sukulu, lingathe kulamula pa nthawi ya mliri, koma ntchito yake yaikulu ndi kukhala boma lokhulupirika limene limavomera likalakwa.

Palinso mfundo ina imene imachokera kwa anthu osauka, ndipo imandikhudza mtima. Amafunsa kuti boma limene chipatala chake chilibe mankhwala, nkhokwe yake ilibe magazi, ndipo ambulansi yake ilibe mafuta, lingaimbe bwanji mlandu kholo chifukwa chosapita ndi mwana kuchipatala? Funsoli ndi lolungama. Ana ochuluka padziko lapansi amafa makolo awo akufunitsitsa chithandizo chimene sichikupezeka, ndipo chiwerengero chawo chimaposa kutalitali cha ana amene makolo awo anakana. Ndime 24 ya pangano lija imaika pa boma udindo woonetsetsa kuti mwana aliyense akupeza chithandizo, ndipo boma limene lalephera pamenepo lili ndi mlandu wake. N'chifukwa chake lamulo liyenera kusiyanitsa bwino kholo limene lalephera ndi kholo limene lakana. Mayi amene wachedwa chifukwa chipatala chili kutali ndipo analibe ndalama yoyendera afunika kuthandizidwa, ndipo kumuimba mlandu kungakhale nkhanza. Koma kulephera kwa boma pa ana zikwi sikungakhale chifukwa chosiyira mwana mmodzi uyu, amene wafika kale m'chipatala, magazi omukwanira alipo, ndipo chotsala ndi chilolezo chokha.

Mu mkangano wonsewu pali munthu amene amaiwalika kawirikawiri, ndiye mwanayo. Khanda silingalankhule, koma mwana wa zaka 15 amene wadwala kwa zaka zisanu amadziwa matenda ake kuposa achibale ake ambiri. Ndime 12 ya pangano lija imati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza molingana ndi msinkhu ndi kukhwima maganizo kwake. Ku Britain, pa mlandu wa Gillick mu 1985, oweruza anagamula kuti mwana wosafika zaka 16 angathe kuvomereza yekha chithandizo ngati akumvetsa bwino chimene chikuchitika. Ku South Africa mwana wa zaka 12 wokhwima maganizo angathe kuvomereza yekha mankhwala. Zimenezi zimathandiza pamene mwana akufuna chithandizo chimene makolo akukana. Chovuta ndi pamene mwanayo ndiye akukana. Ku Canada mtsikana wa zaka 14 wa Mboni za Yehova anaikidwa magazi mwa lamulo la khoti iye akukana, ndipo mu 2009 khoti lalikulu la dzikolo linavomereza lamulolo, komabe linati maganizo a mwana azilemera kwambiri akamasonyeza kukhwima. Ine ndikuona kuti pa zinthu zosapha, kukana kwa wachinyamata womvetsa kulemekezedwe. Pa moyo ndi imfa ndingakonde kuti khoti lilakwire ku mbali ya moyo, chifukwa mwana amene wakulira m'nyumba imodzi ndi mumpingo umodzi, amene akudziwa kuti kuvomera kungakhumudwitse onse amene amawakonda, n'kovuta kudziwa ngati mawu akewo ndi akedi. Akadzakwanitsa zaka 18 adzakana yekha, ndipo pamenepo palibe adzamuletse.

Mmene chigamulo chimakwaniritsidwira n'chofunika mofanana ndi chigamulocho. Khoti likalamula kuti mwana aikidwe magazi, lamulolo likhale la chithandizo chimenecho chokha ndi nthawi imeneyo yokha. Makolo asachotsedwe pambali pa bedi, asalandidwe ana awo ena, ndipo asaonetsedwe kwa atolankhani ngati zigawenga. Madokotala ayesetse kugwiritsa ntchito njira zochepetsa kufunika kwa magazi ngati zilipo, ndipo afotokozere makolo chilichonse chimene akuchita ngakhale makolowo sakuvomereza. Kumanga ndi kuimba mlandu kusungidwire okhawo amene anaona mwana akufooka masiku angapo, anachenjezedwa, koma anamubisa mpaka kufa. Ndikunena izi chifukwa boma likachita nkhanza pa banja limodzi, mabanja ena a chikhulupiriro chomwecho amaleka kubwera kuchipatala, ndipo ana awo amafera m'nyumba kumene woweruza sangawaone. Komanso mwana amene wapulumutsidwayo akatuluka m'chipatala amabwerera kwa mayi ndi bambo omwe aja, ndipo iwo ndiwo adzamupatsa mankhwala otsalawo, kumutengera kukaonedwanso, ndi kumubweretsa msanga tsiku limene adzadwalenso.